Ndisiye ulonda ndikalime kudimba? Madzi ayamba kuphwa

Mlonda wa ku Limbe:
Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndakupatsani moni. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ngakhale ntchito yanga ndi yosagona kale. Kwathu ndi ku East Bank, tsidya lakum'mawa kwa mtsinje wa Shire, chakufupi ndi Masenjere, koma ndatha zaka 6 ndikugwira ulonda kuno ku Limbe. Malipiro ake mukuwadziwa, ndipo miyezi ina amafika mwezi winawo uli pakati. Ine ndi mayi a kunyumba takhala tikusunga pang'onopang'ono, pano zafika K900,000. Bambo anga anatisiyira dimba la ekala imodzi ndi theka. Mayi anga akulima kachigawo kochepa, kwinako kwamera bango. Maganizo anga ndi akuti mwezi uno wa Epulo ukatha ndisiye ntchito, ndigule pampu ya sola ndi mapaipi, ndikalime chimanga chachiwisi, anyezi ndi tomato. Koma mtima ukukana kukhala pansi. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ali sitandade 4. Dimba lomwelo linamira mu 2015, linamiranso ndi namondwe wa Ana mu 2022, namondwe wa Freddy ndiye anasiyapo mchenga mbali ina. Ndilowe kapena ndidikire? Musandinyengerere, mundiuze zoona.

Kabaza wa pa Thabwa:
Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito muli nayo, ngakhale ichedwetse malipiro koma imabwera. Ine ndimanyamula anthu pano tsiku ndi tsiku, ndimawaona a tomato akubwerera ndi madengu odzaza chifukwa mavenda awakana mtengo. Khalani kaye.

Make Tadala (Nchalo):
Musanatifunse ife, akazi anu akuti chiyani? Paja ndalamayo mwati ndi ya awiri.

Mlonda wa ku Limbe:
Iwo ndiye akuti tipite. Woopa ndine.

Make Tadala (Nchalo):
Kkkk ndiye mlandu watha kale, mwangobwera kudzafuna mboni.

Aphunzitsi Opuma (Ngabu):
Mwana wanga, ndikufunse kaye: ukuti udikire, udikira chiyani kwenikweni? Ukanati ndalama sinakwane ndikanamva. Koma mmene ndawerengera uthenga wako, ukudikira tsiku lomwe wina adzakulonjeze kuti Shire ndi Ruo sadzasefukiranso. Tsiku limenelo silidzacha. Ine ndinabadwira m'chigwa muno. Ndinalipo njanji itaduka pa Chiromo mu 1997, ndinaona za mu Januwale 2015, za anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe chaka chimodzi, kenako Freddy mu Malichi 2023. Palibe chaka chomwe munthu anabzala ali ndi chikalata chomutsimikizira kuti akolola.

Kafunse amayi ako mmene amalimira kudimba. Madzi akamabwerera kumtsinje, ife timawalondola m'mbuyo ndi khasu, kubzala miyendo ikutitimira m'matope. Zimachitika kuti madzi n'kubweranso mu Epulo mommuno, n'kutenga zomwe wabzala. Umalira pang'ono, n'kubzalanso. Koma amene amati ndione kaye ngati apitadi, akamadzafika mu Juni amapeza chinyontho chatsika, makande ang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana. Ameneyo sanataye mbewu, n'zoona, komanso mu Ogasiti amagula chimanga kwa mnzake uja anataya mbewu kamodzi.

Sindikukuuza kuti usiye ntchito mawa. Ndikungoti kudikirako usakuyese malo obisalapo. Nakonso kuli ndi mtengo wake, kungoti sikulemba lisiti.

Mayi wa Thonje (Ngabu):
Aphunzitsi, ndimakulemekezani, koma lero ndikutsutsani. Mawu okoma otere ndi amene anandigwetsa ine. Mvula ya 2023 itayandikira ndinalimba mtima, ndinabwereka maekala atatu owonjezera, ndinatenga ngongole ya katapila yogulira mbewu ndi kulipira aganyu. Aliyense ankanditama kuti mayi uyu ndi wolimba. Kenako El Niño uja. Mu Febuluwale 2024 dzuwa linangoima pamutu, chimanga chinapsa chili m'chiuno, thonje linayoyola maluwa. Boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, koma mwini katapila sanalengeze kanthu, anangobwera pakhomo. Ndinagulitsa mbuzi 7 ndi njinga. Thonje lochepa lomwe ndinatola, wogula wina anatenga pangongole, ndinayendera ndalama yanga mpaka nsapato kutha.

Ndipo dziwani ichi anzanga: amene analowa n'kumira sabwera pa magulu ngati ano kudzalemba. Ambiri foni anagulitsa. Timangomva za amene zinawayendera, ndiye timayesa kuti kulimba mtima kumalipira aliyense.

Bambo a Yamikani (Bangula):
Pepani mayi. Mbuzi 7 si masewera.

Aphunzitsi Opuma (Ngabu):
Mayi, simunanditsutse, mwandiwongola, ndipo ndavomera. Za amene anagulitsa foni zandilasa. Komabe taonani pomwe panakupwetekani. Munalowa ndi ndalama ya mwini, yobereka ana mwezi ndi mwezi, m'munda wodalira mitambo. Mnyamatayu akulowa ndi ndalama yake, pa dothi la bambo ake, m'chilimwe, madzi ali pansi pa mapazi. Zikamukanika, wataya zomwe anasunga, koma palibe wobwera kudzazula malata.

Mayi wa Thonje (Ngabu):
Apo ndiye ndikuvomereza. Ngati akupita, asakhudze katapila ngakhale zitathina bwanji. Ndipo asathire zonse pa pampu. Asiye ya chakudya cha miyezi inayi, chifukwa anyezi sadyetsa mwana asanakhwime.

Bambo a Yamikani (Bangula):
Ine ndilankhule za njira yachitatu, chifukwa ndikudziwa kuti ikubwera m'mutu mwanu achimwene, ndipo wina pano ayitchula posachedwa. Njira yoti musasiye ntchito, mugule pampu, mupereke kwa mphwanu kapena mwana wa achemwali anu, inu muzilima pa foni. Imaoneka yanzeru. Ine ndinayesa ndili ku Blantyre pa ntchito ya mu sitolo. Ndinkatumiza ndalama ya feteleza, ndikaimba foni ankati zonse zili bwino amalume. Nditabwera pa tchuthi ndinapeza tomato wadyedwa ndi mbuzi, paipi imodzi ili kwa aneba, feteleza theka anagulitsa. Mnyamatayo sindimuda, anali ndi zaka 19, munda sunali wake, njala ndi yomwe inali yake. Chaka chachiwiri ndinachitanso chimodzimodzi, poganiza kuti ndikuchepetsa chiopsezo. Ndalama yomwe ndinataya zaka ziwiri zimenezo inaposa yomwe ndikanataya ndikanangolowa ndi miyendo yonse n'kulephera kamodzi. Kuntchitonso mtima sunalipo, abwana anaona. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinavumbwa ndithu.

Dimba la m'chilimwe silili ngati mapira oti wabzala, wapalira, wadikira. Limafuna munthu m'mawa ndi madzulo. Nditasiya ntchito n'kubwera ndekha, chaka choyamba sindinalemere, ndinangobweza mpamba ndi kudya. Chachitatu ndi pomwe ndinagula ngolo.

Mnyamata wa ku Dyeratu:
Koma bwanji osangodikira ngalande ija ya boma? Madzi akafika ulimi wothirira udzakhala wosavuta, osati zovutika ndi mapampu.

Mlangizi Wakale:
Mphwanga, ngalande imeneyo ikuchokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, tsidya lakumadzulo kwa Shire. Dimba la mnzathuyu lili tsidya lakum'mawa, madzi ake sadzawoloka mtsinje kukamupeza. Ndi ntchito yaikulu, ya mahekitala oposa 40,000, ndipo ikumangidwa m'magawo. Ngakhale kwa a tsidya lino, si nkhani yongokhala pansi madzi n'kukupeza. Alimi akuyenera kuphatikiza minda yawo n'kulima ngati kopaletivu. Ukuganiza kuti kupereka munda wa makolo ako kuti malire afafanizidwe ndi chinthu chopepuka? Alimi a ku Phata, ku Chikwawa, anachita zimenezo mu 2011, anaphatikiza minda n'kubzala nzimbe, asanaonepo ndi tambala yomwe. Analipo ena amene anakana poopa kulandidwa malo. Lero tikamatchula Phata timaiwala kuti oyambawo anasaina mitima ikugunda ngati wa mlondayu.

Ndipo kumbuka kuti Ana anawononga damu la Kapichira lomwelo, magetsi a mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima kwa nthawi yoposa chaka. Ngati mainjiniya ndi mabanki akuluakulu amamanga pa mtsinje womwewu akudziwa khalidwe lake, ife a makasu tisayembekeze kuti tipatsidwa chitsimikizo chomwe iwo alibe.

Kabaza wa pa Thabwa:
Iwo zikawonongeka amakatenga ndalama zina kunja. Mlonda akatenga kuti?

Make Tadala (Nchalo):
Funso labwino limenelo. Koma inu a Kabaza, njinga yamotoyo munaipeza bwanji? Si inu munatiuza pano kuti munagulitsa ng'ombe ya cholowa abale akukuletsani?

Kabaza wa pa Thabwa:
Kkkkk mayi inu mumasunga nkhani. Inde ndinagulitsa. Koma ine ndinali ndisanakwatire.

Make Tadala (Nchalo):
Ine ndinali ndi ana atatu pomwe ndinatenga ndalama yanga yoyamba ku banki m'khonde n'kukwera basi kukapikula nsomba ku Bangula. Ulendo woyamba theka inawola, kutentha kwa kuno mukukudziwa, mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Ndinalira pa depoti anthu akundiyang'ana. Ulendo wachiwiri ndinagula zouma zokhazokha. Phunziro limenelo palibe akanandiphunzitsa ndili pakhonde, linafuna kuti nsomba ziwole kaye m'manja mwanga.

Chinanso a Mlonda, K900,000 yanuyo mukuyesa ikugona mwamtendere? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pampu ndi mapanelo zimachokera kunja. Amene anali ndi ndalama yokwana pampu mu Okutobala chaka chimenecho n'kunena kuti ndiganize kaye, pofika Khirisimasi inali yokwana mapaipi okha. Ndalama yosungidwa imadyedwa ndi chiswe chosaoneka.

Mlonda wa ku Limbe:
Zimenezo zinandichitikira ine ndemwe. Ndinafunsa mtengo chaka chimenecho, nditabwererako patatha miyezi iwiri ndinangotuluka m'sitolomo mwakachetechete.

Mlangizi Wakale:
Tsono popeza zikuoneka kuti mtima wapendekera kopita, tiyeni tikambe za dothi, chifukwa kulimba mtima kopanda kufufuza ndi juga. Pali zinthu zomwe simungazidziwe, monga ngati madzi adzabwere chaka chamawa kapena mtengo wa tomato mu Seputembala. Zimenezo zisiyeni, ngakhale mutaganiza usiku wonse simupeza yankho. Koma pali zina zomwe mungazidziwe ndi ulendo umodzi wa Loweruka, ndipo kulowa musanazidziwe ndi ulesi chabe.

Pitani mukakumbe chitsime pa dimbapo musanagule kalikonse. Muone madzi ali pa mamita angati, ndipo muwalawe. M'chigwa muno muli malo ambiri omwe madzi apansi ndi amchere, mijigo ina anthu anaisiya chifukwa cha chomwecho. Madzi amchere mukathirira nawo miyezi itatu, nthaka imayera pamwamba, anyezi n'kupserera nsonga. Mufunsenso achikulire oyandikana nanu kuti chitsime chimaphwa mwezi uti, chifukwa madzi a mu Meyi si a mu Okutobala. Wogulitsa pampu mukamuuze kuya kwa chitsime ndi kutalika kwa munda, osangoloza yomwe yakusangalatsani.

Mbali yomwe Freddy anasiya mchenga, kumbani muone kuti mchengawo walowa bwanji. Ngati ndi wosapitirira chikhatho, khasu limasakaniza ndi dothi lapansi. Ngati ukufika m'bondo, musalimbane nawo chaka chino, ikanipo mbatata.

Ine ndikanakhala inu sindikanayamba ndi mbewu zitatu pa ekala yonse ndi theka. Ndikanayamba ndi chimanga chocha msanga pa gawo lalikulu, chifukwa pa miyezi itatu mwayamba kugulitsa chachiwisi, ndipo chikakanika msika mumachiumitsa n'kudya. Anyezi pang'ono, poti amasungika mukawaumitsa bwino, mutha kudikira mtengo. Tomato ndiye mwana wovuta, akapsa sadikira munthu, ndipo msewu wa Thabwa kupita ku Fatima mukuudziwa. Muyambe ndi mizere yochepa. M'mphepete ikani mpiru ndi repu, amenewo pa masabata ochepa ayamba kukupatsani ya mchere ndi sopo.

Ntchemberezandonda musaziiwale. Chimanga cha m'chilimwe chimakhala chobiriwira chokha dera lonse, ndiye zimathamangira komweko. Muziyendera m'mawa uliwonse kuyang'ana m'mitima ya chimanga.

Bambo a Yamikani (Bangula):
Onjezani mbuzi ndi ng'ombe, a Mlangizi. Anthu akakolola kumtunda ziweto amazimasula. Popanda mpanda wa minga mukulimira ziweto za eni.

Msodzi wa ku Chiromo:
Ndi mvuu. Usiku umodzi zimatha kumaliza zomwe mwathirira mwezi wathunthu. Ngati dimba lili kufupi ndi madzi, mukumbe dzenje lozungulira ndipo muzigona konko. Mapanelonso amabedwa, musawasiye kumunda.

Kabaza wa pa Thabwa:
Ndiye kuti akusiya ulonda kukayamba ulonda kkkk.

Mlonda wa ku Limbe:
Kkkk koma uko ndikalondera zanga. Zaka 6 ndakhala ndikulondera magalimoto a eni, ngakhale kukwera sindinakwerepo.

Mayi wa Thonje (Ngabu):
Chimodzi chomwe sindinamve wina akutchula. Banja mukaliika pati? Kulima kudimba ndi nkhani ina, kugoneka ana m'mphepete mwa madzi ndi nkhani ina. Mbewu ikapita mudzabzala ina. A ku Makhanga angakuuzeni zomwe madzi a usiku amachita. Nyumba ikhale kumtunda, ngakhale kukhale koyenda ola lathunthu kupita kumunda. Ndipo Disembala akafika, pampu, mapaipi ndi mapanelo zikwere kumtunda, musati ndithirire kamodzi komaliza.

Aphunzitsi Opuma (Ngabu):
Apa mayi mwanena zomwe ine ndinasiya. Pali zomwe munthu amaponya m'madzi akudziwa kuti mwina sizibwerera, ndipo pali zomwe saponya ngakhale amulonjeze chiyani.

Mnyamata wa ku Dyeratu:
Nanga zikakanika ndithu? Tinene kuti madzi ndi amchere kapena mvuu zadya zonse.

Bambo a Yamikani (Bangula):
Ulonda sutha m'tauni, mphwanga. Makampani ake amalemba anthu mwezi uliwonse, ndipo munthu wa zaka 6 pa ntchito sangasowe pogwira. Achoke bwino, apereke notisi, atenge kalata yomuchitira umboni. Chimene sichibwerera ndi msana. Pa zaka 35 ukhoza kuswa bango ndi khasu, pa zaka 50 udzangoliyang'ana. Komanso dimba losalimidwa kwathu kuno silikhala lopanda mwini nthawi yaitali, tsiku lina mudzapeza wina wabzalapo, mlandu n'kukafika kwa amfumu.

Mlonda wa ku Limbe:
Zamalirezo mayi anga anandidandaulira kale. Akuti oyandikana nawo chaka chilichonse mzere umodzi ukulowa mbali yathu.

Kabaza wa pa Thabwa:
Ine maganizo anga sanasinthe, ndikanakhala ine ndikanagwira chaka china. Koma ndaona kuti pano ndatsala ndekha.

Mayi wa Thonje (Ngabu):
Simuli nokha, inenso mantha ndili nawo. Kungoti chaka chino ndabzalanso, chitowe ndi mapira, pa munda wanga wokha, popanda ngongole. Munthu ungatani, ungaleke kulima chifukwa unapsa kamodzi?

Mlonda wa ku Limbe:
Pepani akuluakulu, uyu si mwini foni, ndine mkazi wake. Iwo agona, abwera m'mawa kuchokera ku ntchito, ndiye ndawerenga zonse. Takhuta kwambiri nonse, makamaka mayi a ku Ngabu, za katapila ndi za nyumba ndazisunga. Koma pali zomwe bambowa sanakuuzeni chifukwa sakuzidziwa. Mwezi wathawu ndinatumiza K15,000 ya ndalama yanga ya mandasi kwa apongozi anga kuti agule mbewu ya anyezi. Anafesa kale, nazale yamera, ndipo akuti pakatha masabata atatu ifunika kuwokera. Chitsime chiliponso chakale chomwe ankamwa malemu apongozi aamuna, madzi ake ndinamwapo ine ndemwe, si amchere. Changokwiririka ndi mchenga, chikufuna kufukula. Ndinaona kuti tikadikira kuti mantha awathere, tikalamba tili pa lendi.

Make Tadala (Nchalo):
Eeeh! Ndinanena ine kuti mlandu unatha kale. Achemwali, mwandisangalatsa.

Aphunzitsi Opuma (Ngabu):
Ife kuno tikutsutsana ndi miyambi, anyezi akukula.

Mlangizi Wakale:
Mayi, uzani apongozi achepetse kuthirira nazaleyo sabata yomaliza kuti mbande zilimbe, ndipo mudzawokere madzulo dzuwa litapepa. Chitsimecho mukafukula, muchisiye tsiku limodzi, muchotse madzi onse, muone kuti chikudzaza msanga bwanji. Mukatero ndiye mukagule pampu, osati musanatero.

Mlonda wa ku Limbe:
Ndadzuka, ndapeza foni yatentha. Za anyezi ndazimvera pano limodzi ndi inu. Takambirana, sitinakangane kwambiri. Kalata ndapereka lero masana, ndigwira mpaka pa 30. Loweruka lino ndikutsika ndekha kukafukula chitsime ndi kuona mchenga uja, ana atsala kuno ndi mayi awo mpaka teremu ithe. K250,000 taipatula, ili m'manja mwa mayi a kunyumba, akuti ngakhale ndigwade sandipatsa. Mantha sanathe, ndisakunamizeni, m'mimba mukuwirabe. Amene akudziwa mnyamata wodziwa kufukula zitsime cha ku Masenjere andilembere kumbali. Ndiponso mapanelo amayenda bwanji pa msewu wa East Bank osasweka?

Kabaza wa pa Thabwa:
Muwakulunge m'bulangete, pakati muike makatoni, ndipo muwaimike chammbali, osawagoneka. Mukafika pa Thabwa mundiimbe, ndikuperekezani ndi anzanga awiri, mapanelo pa njinga ina, mapaipi pa ina. Mafuta okha mulipire. Chimanga choyamba chikacha, zisononkho 10 ndi zanga.